Kafukufuku wa mankhwala pa chipatala cha boma: mungamukonze bwanji kuti odwala azilowa?

Funso: Ndine dokotala pa chipatala china cha boma m'chigawo chapakati. Ine ndi anzanga a ku yunivesite tikulemba ndondomeko ya kafukufuku woyerekeza njira ziwiri zothandizira ana odwala chibayo chachikulu. Kafukufuku wina amene anachitikapo kuno anatha zaka ziwiri osapeza ndi theka lomwe la ana amene ankafuna. Ndimamva kuti ku Britain nthawi ya Covid-19 analemba odwala masauzande m'milungu yochepa chabe, m'zipatala za boma. Anachita bwanji? Nanga ife tikonze bwanji wathuyu kuti makolo asamakane?

Yankho: Adokotala, ndikonzeko pang'ono funso lanu tisanapite patali. Mukudera nkhawa makolo okana. Tengani kaundula wa wodi ya ana wa zaka ziwiri zija, mumuike pambali pa kaundula wa kafukufuku uja, muwerenge dzina ndi dzina. Kawirikawiri chimene chimapezeka n'chakuti ana ochuluka amene sanalowe, makolo awo sanafunsidwe n'komwe. Mwana anafika Loweruka usiku, namwino wa kafukufuku ataweruka Lachisanu. Wina anafika Lolemba m'mawa, koma pomupeza anali atabayidwa kale jakisoni woyamba, pamene ndondomeko imati wotero asalowe. Wina anabwera ndi agogo ake, amene anati sangadinde chala bambo a mwana asanamve. Okana enieni amakhalapo, koma ndi kagulu kamodzi mwa magulu ambiri, ndipo magulu enawo amapangidwa ndi ndondomeko imene mukulembayo.

Vutoli si la kwathu kuno kokha. Ku Britain komweko ataunika ntchito zakafukufuku zokwana 151 zolipiridwa ndi boma, anapeza kuti 56 pa 100 zilizonse ndi zimene zinakwanitsa chiwerengero cha odwala chimene zinkafuna. Katswiri wa zamankhwala wa ku America, Louis Lasagna, anaona kalekale kuti odwala amene amaoneka mbwee kafukufuku asanayambe amasowa tsiku lomwe wayamba, n'kutulukiranso akangotha.

Amene munamvayo ndi kafukufuku wotchedwa RECOVERY, wotsogoleredwa ndi Peter Horby ndi Martin Landray a ku yunivesite ya Oxford. Wodwala woyamba analowa pa 19 March 2020, patangotha masiku 9 chilembereni ndondomeko. Pofika mu June anali atalemba odwala oposa 11,000 m'zipatala 176 za NHS, ndiye kuti zipatala za boma za kumeneko, ndipo nthawi imeneyo pafupifupi 15 pa odwala 100 alionse ogonekedwa ndi Covid-19 m'dzikomo anali mu kafukufukuyu. Pa 16 June analengeza za dexamethasone, mankhwala otchipa amene ali ngakhale mu famase yanu. Odwala 2,104 analandira 6 mg kamodzi patsiku kwa masiku osapitirira 10, ndipo 4,321 analandira chithandizo cha masiku onse. Mwa amene ankapumira makina, 29 pa 100 anamwalira pa gulu la dexamethasone, pamene gulu linalo anali 41 pa 100. Mwa ongolandira okosijeni zinali 23 ndi 26. Kwa amene sankafuna okosijeni mankhwalawa sanathandize. Masiku ochepa m'mbuyomo anali atalengezanso kuti hydroxychloroquine, amene dziko lonse linkamuthamangira, sankapulumutsa munthu.

Chinsinsi chawo chinali kuumira pa zimene ankapempha kwa dokotala wotopa. Kuti wodwala alowe, mafunso anali ochepa: wagonekedwa, ali ndi Covid-19 kapena akuganiziridwa kuti ali nayo, ndipo dokotala wake sakuona chifukwa chimene kulowa kungamuike pachiswe. Fomu yolowetsera inali yaifupi, ya pa intaneti. Dokotala ankachonga mankhwala amene palibe pa chipatala chake kapena amene wodwalayo sangamwe, kompyuta n'kuchita mayere pa otsalawo. Mankhwala ankaperekedwa ndi anamwino a m'wodi momwemo, pa tchati chomwecho, popanda mapilitsi ongofanizira. Fomu yachiwiri inkalembedwa kamodzi, wodwala akatuluka, akamwalira kapena pakatha masiku 28. Zina zonse ankazitenga m'makaundula a boma pogwiritsa ntchito nambala ya NHS imene munthu amayenda nayo moyo wake wonse. Pamwamba pa izi, akuluakulu a zaumoyo a maboma onse anayi a Britain analembera madokotala kalata yowalimbikitsa kulowetsa odwala mu kafukufuku m'malo mongopereka mankhwala osatsimikizika mwachisawawa.

Zina mwa izi simungazikopere, ndipo ndi bwino kuvomereza msanga. Ana anu alibe nambala imodzi yowatsata kuchoka pa chipatala chanu kupita ku chipatala chaching'ono cha kwawo. Buku la kuchipatala limatayika, limanyowa, lina limagulidwa latsopano dzina litasintha kalembedwe. Mwana akamwalira kumudzi patatha sabata chitulukireni, palibe kompyuta imene ikuuzeni. Komanso a ku Britain anali ndi anamwino a kafukufuku olipidwa kale ndi bungwe la boma la NIHR m'zipatala zambiri. Ndiye kutsatira odwala kumene iwo anakupeza mosavuta, inu mudzakulipira ndi mafuta a njinga yamoto ndi mayunitsi. Chimene mungatenge chathunthu ndi kuumira kuja.

Yambani ndi masamu, ndipo muwachite mopanda chisoni. Tiyerekeze kuti pa ana 100 a chibayo chachikulu amamwalira 20, ndipo mukuyembekeza kuti njira yatsopano itsitsa chiwerengerocho kufika pa 15. Pa miyezo imene ambiri amagwiritsa ntchito, ya mphamvu ya 80 pa 100 (mwayi woti muone kusiyana ngati kulipodi) ndi malire a 0.05 (mwayi woti muone kusiyana kumene kulibe), mukufunika ana pafupifupi 906 gulu lililonse, onse pamodzi 1,812. Mukaganizira kuti mmodzi pa 10 alionse adzakusowani, mwafika pa 2,000 ndi kupitirira pang'ono. Tsopano tiyerekezenso kuti kaundula wanu akuonetsa ana 120 otere pamwezi. Munthu wosazolowera amagawa 2,000 ndi 120, n'kulemba miyezi 17. Koma chotsanipo 45 ofika usiku ndi kumapeto a sabata, atsala 75. Chotsani 25 amene malamulo anu olowera akuwakana, atsala 50. Chotsani 10 obwera ndi munthu amene sangapereke chilolezo, ndi 8 okana. Mwatsala ndi 32 pamwezi, ndipo ntchito ya miyezi 17 ija yasanduka ya zaka zisanu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Manambalawa ndi ongoyerekeza. Anu enieni muwapeze poika munthu pa wodi kwa mwezi wathunthu, usana ndi usiku, kulemba mwana aliyense amene akanalowa, ora limene anafika ndi amene anamubweretsa. Muchitenso kawiri, nyengo ya mvula ndi ya dzuwa, chifukwa wodi ya February si wodi ya September. Masamu akakana, musachepetse chiwerengero polota kuti njira yanu idula imfa ndi theka. Onjezani zipatala zina ziwiri kapena zitatu.

Kenako tengani mndandanda wa zoletsa kulowa, muufunse mzere ndi mzere: kodi mzere uwu ukuteteza mwana, kapena ukungokongoletsa zotsatira? Mwana amene thupi lake limadana ndi mankhwala mukuyesawo asalowe, pamenepo palibe zokambirana. Koma "asakhale ndi HIV", "asakhale wonyentchera", "asakhale ndi malungo", "akhale wa dera losapitirira makilomita 10" ndi mizere imene imachotsa ana omwewo amene amadzaza wodi yanu ndi kumwaliramo. Mukawachotsa, kafukufuku amachedwa, ndipo akatha Unduna wa Zaumoyo udzafunsa ngati zotsatirazo zikukhudza ana a m'mawodi ake, inu n'kusowa choyankha. Chenjeraninso ndi lamulo lofuna zotsatira za ku labu kapena chithunzi cha pachifuwa mwana asanalowe. Tsiku limene makina afa kapena magetsi azima, kafukufuku wanu wafa nawo. Gwiritsani ntchito zimene kiliniko ofisa amaona ndi maso pa mphindi ziwiri: kapumidwe, kulowa kwa nthiti, zizindikiro zoopsa, ndi kamakina ka pachala kakaonetsa okosijeni wosafika 90.

Malo olowetsera akhale pamene mwana amadutsa kale. Zipatala zathu zimasankha ana odwalitsitsa pakhomo potsatira njira ya ETAT, imene inakulira pa Queen Elizabeth ku Blantyre. Pamenepo ndi pamene payenera kukhala chikwangwani chaching'ono cha mafunso atatu kapena anayi ndi nambala ya foni yoimbira. Mukadikira kuti mukawapeze pa raundi ya m'mawa, mwachedwa ndi maola 12.

Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsapo, pa namwino wa usiku. Muoneni: ali yekha kapena ndi mnzake mmodzi, mabedi adzaza, ena agona awiriawiri, ku khonde kuli mayi akulira, kanyula wa mwana wa pakona watuluka. Mwamusiyira fomu ya masamba 14 ndi pempho lakuti ayeze mkono, mutu ndi kutalika, atenge magazi m'mabotolo atatu, alembe mtundu wa denga la nyumba ya makolo. Sadzakana pa msonkhano. Adzangoti usikuwo sikunabwere woyenera kulowa. Choncho musanapereke ndondomeko ku komiti yopereka chilolezo cha kafukufuku, yesani fomu yanu ndi wotchi m'manja, pa wodi yeniyeni, ndi namwino amene sanakhale nawo polemba. Kwa ine, ntchito yoonjezera ikapitirira mphindi 10 pa mwana mmodzi, kupatula kukambirana za chilolezo, ndiye kuti mufupikitse fomu kapena mulembe ntchito namwino wa kafukufuku wa usiku. Funso lililonse pa fomu likhale ndi malo ake mu tebulo la zotsatira limene mwajambula kale. Limene lilibe malo lichoke, ngakhale mwini wake akhale pulofesa amene akuti "tingadzalifune".

Nkhani ya ndalama za ogwira ntchito imaononga akafukufuku ambiri mwakachetechete. Musalipire munthu pa mutu wa mwana aliyense amene walowetsa. Mudzayamba kuona makolo akukakamizidwa ndi ana osayenera akulembedwa. Musakokenso anamwino abwino a boma n'kuwapatsa malipiro oposa a anzawo, iwo n'kumakhala m'kachipinda ka kafukufuku akudikira wodwala mmodzi pamene anzawo akumira panja. Chidani chimene chimabadwa pamenepo chimatseka pakamwa pa amene akanakuimbirani foni. Njira imene imayenda ndi kugwirizana ndi a DHO ndi matroni kuti namwino wa kafukufuku alowe pa ndandanda ya wodi, azithandiza odwala onse pamene alibe womulowetsa, ndiponso kuti zipangizo zimene mwabweretsa, monga makina a okosijeni ndi timakina ta pachala, zigwire ntchito pa mwana aliyense ndipo zidzatsale. Kafukufuku asadye mankhwala a wodi: gulani anuanu a magulu onse awiri, kuti mwezi umene famase yauma gulu loyerekezera lisasanduke gulu losalandira kanthu.

Tibwere kwa makolo. Mawu amene mumasankha amasintha chiwerengero kuposa mmene ambiri amaganizira. Ku Britain, pa kafukufuku wa khansa ya prostate wotchedwa ProtecT, gulu la Jenny Donovan linajambula mawu a zokambirana za anamwino ndi odwala. Linapeza kuti njira imodzi inkatchulidwa ndi mawu amene odwala ankawamva ngati "tingokuonererani mpaka mufe", ndiponso kuti ofotokozawo ankaonetsa okha, mosadziwa, kuti amakonda opaleshoni. Atasintha mawu ndi dongosolo la kafotokozedwe, ovomera mayere anakwera kuchoka pa 40 kufika pa 70 pa 100 alionse. M'Chichewa misampha yake ilipo yambiri. "Tikufuna kuyesa mankhwala pa mwana wanu" amamveka ngati mwanayo ndi mbewa ya mu labu. "Tichita mayere" osafotokoza chifukwa amamveka ngati juga pa moyo wa mwana. Fotokozani motere: njira zonse ziwiri zimagwiritsidwa ntchito, madokotala sakudziwa imene iposa inzake, ndipo kuti pasakhale kukondera, si dokotala kapena kholo amene asankhe. Munenenso poyera, kawiri ngati n'kotheka, kuti akakana mwana alandira chithandizo chomwecho pa bedi lomwelo, ndi kuti akhoza kutuluka tsiku lililonse osapereka chifukwa. Mayi amene wabwera pa chipatala cha boma amaopa kukhumudwitsa adokotala, ndiye "inde" wake woyamba musamukhulupirire msanga. Mufunseni akubwezereni m'mawu akeake zimene zichitike kwa mwana wake. Fomu yomasuliridwa kuchoka ku Chingerezi liwu ndi liwu siimveka. Ilembeni m'Chichewa, kapena m'Chiyao kapena Chitumbuka malinga ndi dera, muiwerengere magadiyani asanu pa shedi yawo, muone pamene akukwinya nkhope. Kwa wosadziwa kulemba pakhale mboni yosakhala ya kafukufuku, iye adinde chala, mboniyo isaine.

Koma mwana akubanika, mayi ali njenjenje, mungamuwerengere masamba anayi? Simungatero, ndipo chilolezo chotengedwa pa nthawi yotere ndi cha dzina lokha. Kafukufuku wa FEAST, amene anachitika ku Kenya, Uganda ndi Tanzania ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2011, anagwiritsa ntchito njira ya magawo awiri: kufotokoza mwachidule ndi kupempha chilolezo cha pakamwa pakhomo, kenako kukambirana zonse ndi kusaina mwana akakhazikika. Mwa njira imeneyi analowetsa ana oposa 3,000, napeza chimene palibe ankayembekezera, chakuti kuthira madzi ambiri mwachangu m'mitsempha kunkachulukitsa imfa, pafupifupi 10.5 pa 100 poyerekeza ndi 7.3. Ngati njira zanu ziyenera kuyamba mu ora loyamba, lembani dongosolo lotere mu ndondomeko ndipo mulipemphere chilolezo ku komiti momveka bwino. Lembaninso amene angavomereze m'malo mwa kholo. M'madera ambiri a chigawo chanu mawu a atsibweni kapena agogo amalemera, kwina ndi bambo, ndiye ikani mu bajeti mayunitsi oti mayi aimbire kunyumba pomwepo. Kafoni ka mphindi zitatu kamapulumutsa ambiri amene akanalembedwa kuti "anakana".

Magazi. Mphekesera za anamapopa zimene zinavuta ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mu 2017, anthu mpaka kuphedwa, sizinachoke m'mitu ya anthu, ndipo botolo lililonse loonjezera limakudyerani makolo. Ngati funso lanu lalikulu ndi lakuti mwana wachira kapena ayi, mwina simufunika magazi oposa amene wodi imatenga kale. Ngati mukuwafunadi, tengani pamodzi ndi a wodi pobaya kamodzi, ndipo onetsani kuchuluka kwake ndi chinthu chooneka. Mwana wa makilogalamu 10 ali ndi magazi pafupifupi 800 ml, mabotolo a Fanta atatu kuchepera pang'ono. 2 ml amene mukutenga safika theka la sipuni ya tiyi. Thirani madzi ofiira mu sirinji, muwatsanulire mu sipuni mayi akuona. Nenani kumene magaziwo apite, amene awayeze, ndi tsiku limene otsala adzatayidwe. Ngati ena atuluke kunja kwa dziko pamafunika mgwirizano wolembedwa wovomerezedwa ndi komiti, ndipo kholo liuzidwe. Zotsatira zimene zingathandize mwana, monga kuchepa kwa magazi, zibwerere ku wodi tsiku lomwelo.

Ganiziraninso chimene gulu loyerekezera likupeza. Kafukufuku wa katemera wa taifodi ku Ndirande ndi Zingwangwa mu 2018 analemba ana oposa 28,000 a miyezi 9 mpaka zaka 12 m'miyezi yochepa. Ankatemera m'masukulu, kumene ana ali kale, atayamba akambirana ndi mafumu, aphunzitsi ndi makomiti a makolo. Ana a gulu loyerekezera sanabayidwe madzi. Analandira katemera wa matenda oumitsa khosi. Powatsatira sanawaitane mwezi ndi mwezi: anaika anthu m'zipatala za m'deralo ndi ku Queen Elizabeth, kuti mwana wa mu kafukufuku akabwera ndi kutentha thupi ayezedwe magazi. Katemerayo anateteza pafupifupi 80 pa 100, ndipo mu 2023 boma linamuika pa ndondomeko ya katemera wa dziko lonse. Kwa inu phunziro lake ndi lakuti magulu onse awiri alandire chithandizo chimene mungachiikire kumbuyo pamaso pa kholo, ndipo kutsatira kukwere pa maulendo amene banja likanayenda kale.

Sankhani chotsatira chachikulu chimodzi chimene aliyense angachiwerenge mosakangana: wamoyo kapena wamwalira potuluka m'chipatala, ndiponso pa tsiku la 28. Chotere sichifuna kubisa gulu limene mwana ali, chifukwa imfa siitengera maganizo a woyeza. Konzeranitu za othawa m'chipatala usiku. Ambiri amathawa mwana akafooka kwambiri, ndiye kuwasiya kunja kwa chiwerengero kumanamiza zotsatira. Pa tsiku lolowa lembani manambala a foni awiri kapena atatu, muwaimbe pomwepo kuti muone ngati akulira, ndipo mulembe mwini foniyo. Lembani mudzi, mfumu, dzina limene mayi amadziwika nalo kumudzi, osati la pa chiphaso lokha, dzina la mlangizi wa zaumoyo wa deralo, ndi kamapu: kuchoka pa chigayo, kudutsa mjigo, nyumba yachitatu kuseri kwa tchalitchi. Pemphani chilolezo chapadera chofika pakhomo, ndipo musapite ndi galimoto yolembedwa dzina la bungwe lodziwika ndi za HIV, chifukwa mudzasiyira banjalo miseche. Ulendo uliwonse wobwerera ku chipatala umene mwaika mu ndondomeko ndi tsiku la ganyu kapena la kumunda limene latayika. Ngati foni ikukwanira, musaitane munthu. Ngati n'kofunika kumuona mwana, gwirizanitsani ndi tsiku lake la sikelo.

Za ndalama za olowa, komiti ya dziko yoona za kafukufuku wa zaumoyo ya NHSRC inalamulapo kuti munthu azipatsidwa ndalama zofanana ndi madola 10 pa ulendo wa kafukufuku, ndipo nkhaniyi inadzetsa mtsutso pakati pa ochita kafukufuku, ena akuti pa banja losauka ndalama yotere ingaphimbe maso. Funsani komiti imene mukupitako mlingo umene ikutsata panopa. Chimene ndingalimbikire n'chakuti thiransipoti ibwezedwe yeniyeni, ya kabaza ndi minibasi, kupita ndi kubwera, tsiku lomwelo, osati kumapeto kwa kafukufuku ngati mphotho. Ikani mu bajeti mpata wokweza, pokumbukira kuti mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 pa 100 tsiku limodzi ndipo mitengo ya minibasi inatsatira. Kutumiza pa Airtel Money kapena Mpamba n'kosavuta kwa akauntanti, koma nthawi zambiri foni ndi ya bambo, ndipo mayi amene anayenda ndi mwana kumbuyo saiona ndalamayo. Mufunseni mmene akufunira kulandira.

Mayere enieniwo atetezeni. Ngati intaneti ndi yodalirika, gwiritsani ntchito kompyuta. Pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa REDCap imachita zimenezi. Ngati mugwiritsa ntchito maenvulopu, akhale osaonekera mkati ngakhale pa dzuwa la pawindo, omata, a manambala otsatizana, ndipo dzina la mwana lilembedwe pa envulopu isanatsegulidwe. Munthu wa mtima wabwino amene amakhulupirira njira yatsopano amasuzumira kuti mwana wofooka kwambiri aipeze, ndipo akatero magulu awiri aja safanananso. Anzanu ena adzakuuzani kuti muchite mayere pa zipatala zathunthu m'malo mwa mwana mmodzimmodzi, poti n'kosavuta kwa anamwino. N'zoona, koma mtengo wake ndi chiwerengero: mukachita mayere pa magulu a ana 50, ana a gulu limodzi akangofanana pang'ono chabe (pa mlingo wa 0.02), pamafunika ana ochuluka pafupifupi kawiri, ndipo ndi zipatala zinayi kapena zisanu simungachite kanthu kodalirika.

Pali chifukwa china chochitira kafukufukuyu m'manja mwa ogwira ntchito a tsiku ndi tsiku, ndipo chitsanzo chake chili pafupi nanu. Pa chipatala cha boma cha Salima anayerekeza makina othandiza kupuma otchedwa bubble CPAP ndi okosijeni wamba pa ana 644 a chibayo chachikulu, m'wodi yoyendetsedwa ndi anamwino ndi makiliniko ofisa popanda dokotala woyang'anira tsiku lililonse. Makinawa anali ataonetsa zabwino kwina, m'chipinda cha odwala kwambiri. Ku Salima anamwalira 17 pa 100 a gulu la CPAP, pamene a okosijeni wamba anali 11 pa 100, ndipo kafukufukuyo anaimitsidwa asanafike kumapeto. Akanadzaza wodiyo ndi madokotala a kafukufuku, mwina akanapeza yankho lokoma limene silikanagwira pa chipatala cha boma china chilichonse. Izi zikukuuzaninso kuti komiti yoima payokha yoona chitetezo, yokhala ndi dokotala wa ana ndi katswiri wa ziwerengero amene amaona zotsatira za gulu lililonse inu musakuziona, si mwambo chabe. Malamulo oimitsira alembedwe mwana woyamba asanalowe, ndipo vuto lalikulu lililonse lifike kwa oyang'anira kafukufuku pasanathe maola 24.

Za zilolezo ndidutsepo msanga poti anzanu a ku yunivesite akuzidziwa: komiti ya COMREC ngati kafukufuku akudzera ku Kamuzu University of Health Sciences, kapena NHSRC; bungwe loona za mankhwala la PMRA ngati mukuyesa mankhwala; kalata ya a DHO ndi komiti ya kafukufuku ya pa boma; inshuwalansi ya olowa; ndi kulembetsa kafukufuku ku kaundula monga PACTR musanayambe. A DHO ndi a nthambi yoona matenda a m'chifuwa a ana ku Unduna muwapeze ndondomeko ikadali ya pensulo. Munthu amene wangopatsidwa chikalata chomalizidwa kuti asaine amasaina, koma sakupatsani chipinda, ndipo zotsatira zikadzatuluka sazitenga ngati zake. Chimodzimodzi mafumu ndi komiti ya chipatala: akamve kwa inu asanamve ku maliro a mwana woyamba amene adzamwalire ali mu kafukufuku, pakuti pa chibayo chachikulu ameneyo adzakhalapo ndithu. Muikenso mu bajeti ulendo wobwerera kwa iwo ndi ku wodi kukanena zimene mwapeza, zikome zisakome.

Miyezi itatu kapena inayi yoyamba muitenge ngati yoyeserera, ana ake n'kuwerengedwa ndithu mu kafukufuku, koma mutalemberatu malire: mwachitsanzo, mukafika 80 pa 100 ya chiwerengero cha pamwezi pitirizani, pakati pa 50 ndi 80 konzani ndondomeko, pansi pa 50 imani muganizenso. Chida chokuuzani chokonza ndi kaundula wa mwana aliyense wa chibayo chachikulu amene wadutsa pakhomo, wolowa ndi wosalowa yemwe, amene muziunika Lachisanu lililonse pamodzi ndi asisitala a pa wodi. Mzere womaliza ukhale wa chifukwa chosalowera, ndipo zifukwazo zikhale ndi manambala osiyana: sanayenere, ndi lamulo liti, analibe wopereka chilolezo, kholo linakana, ndi mawu amene linanena, mankhwala kapena fomu zinatha, sanafunsidwe. Chomalizachi chikhale ndi nambala yakeyake, pambali pake palembedwe tsiku ndi ora limene mwanayo anafika.